Zimene ndaphunzira za osewera hockey sizoni ikatha

Teremu ino pa phunziro lathu la sayansi ya masewera tikukambirana mmene mphunzitsi amagawira chaka cha wosewera, kuti pakhale nthawi yopikisana, yopuma ndi yomanga thupi. Aliyense anauzidwa kusankha masewera amodzi n'kuwafufuza mozama, ndipo ine ndinatenga hockey ya pa madzi oundana, makamaka ya mu ligi ya NHL ya ku Canada ndi ku America. Chimene chandigwira mtima n'chakuti ntchito yaikulu yokonza wosewerayu imachitika m'miyezi imene anthu amati ali pa tchuthi, ndipo ili ndi ndondomeko yake yosafunika kuisokoneza.

Sizoni ya NHL imayamba mu October n'kutha mu April, ndipo kwa zaka zambiri timu iliyonse yakhala ikusewera masewera 82. Kenako pamabwera ndime ya chipulula, yomwe imafika mu June. Kuti timu itenge chikho cha Stanley Cup imafunika kupambana masewera ena 16. Mu September onse amakhala atabwerera ku kampu. Ndiye kuti amene anatuluka msanga amakhala ndi miyezi pafupifupi 5, pomwe akatswiri amangokhala ndi itatu basi.

M'kati mwa sizoni thupi limangodyeka. Lero masewera, mawa ulendo wa pandege, mkuja masewera ena. Munthu sanganyamule zitsulo zolemera kwambiri pomwe akudziwa kuti mawa miyendo ikufunika, choncho mphamvu zimapita zichepa, ena mpaka kutsika sikelo. Miyezi ya tchuthi, yomwe kumeneko ndi yotentha, ndiyo yodzaza nkhokwe, sizoni ndi yongotapamo.

Komabe masabata oyambirira sakhudza zitsulo zolemera. Amayamba ndi kupola. Nthawi imeneyi ndi imene zimaululika kuti ena ankasewera ali ndi mabala aakulu. Mu 2013 Patrice Bergeron wa timu ya Boston Bruins anasewera masewera omaliza olimbirana chikho ali ndi nthiti yothyoka, phewa lake linaguluka, ndipo atathamangira naye kuchipatala anapeza kuti phapo labooka. Munthu wotere simungamutengere ku jimu sabata yotsatira. Ena amachitidwa opaleshoni, ena amangogona mokwanira, kusambira ndi kuyenda pang'onopang'ono. Nsapato zotsetserekera pa madzi oundana amaziika kaye pambali. Wosewera amakhala miyezi yambiri ali chowerama, mawondo opinda, moti minofu ya kutsogolo kwa chiuno imaumirira. Imafunika nthawi kuti imasuke.

Gawo limene ndalikonda kwambiri ndi la mphechepeche. Wothamanga pa mtunda amakankhira phazi kumbuyo, koma wotsetsereka pa madzi oundana amalikankhira cham'mbali, kenako n'kulikokera msanga pansi pa thupi lake. Minofu ya kunja kwa chiuno ndiyo imakankha, ndipo ya m'kati mwa ntchafu ndiyo imagwira mwendo kuti usapitirire, n'kuubweza. Yokankhayo ikakula mphamvu kusiya inzake kumbuyo, mphechepeche imang'ambika. Kafukufuku wa Timothy Tyler ndi anzake, yemwe anatuluka mu 2001, anayeza osewera a mu NHL sizoni isanayambe. Anapeza kuti amene mphamvu ya m'kati mwa ntchafu inali yosafika 80 peresenti ya mphamvu ya kunja, chiopsezo chake chovulala malo amenewa chinali chochuluka kuwirikiza ka 17. Nditawerenga zimenezi ndinamvetsa chifukwa chake maphunziro a mu June ndi July amadzaza ndi zochita za mwendo umodzi: kunjuta ndi mwendo umodzi, kudumphira cham'mbali n'kutera pa phazi limodzi osagwedera, kukankha ngolo yodzaza zitsulo. Palinso thabwa lalitali loterera lokhala ndi zotchinga kumapeto konse. Wosewera amavala tinsalu pamwamba pa nsapato, amawerama, manja kumbuyo kapena akugwedeza, n'kudzikankha kuchoka uku kufika uko. Phazi likagunda chotchinga amabwerera pomwepo, thukuta likudonthera pa thabwapo. Munthu akuoneka ngati akutsetsereka pa bwalo, koma ali pansi pouma.

Nkhani ya mpweya nayo ili ndi pake. Masewera amatenga mphindi 60, zogawidwa patatu, koma wosewera sakhalitsa m'bwalo. Amalowa, kudzipereka ndi mphamvu zonse kwa masekondi pafupifupi 45, n'kutuluka kukakhala pa benchi, kenako kulowanso, mwina ka 20 kapena kuposa pa masewera amodzi. Choncho kuthamanga mtunda wautali mwapang'onopang'ono kumangothandiza poyala maziko. Chofunika zedi ndi kuphulika mwachidule, kupuma pang'ono, n'kuphulikanso mofanana ndi poyamba. N'chifukwa chake achinyamata ofuna kulowa mu NHL akamayezedwa mu mzinda wa Buffalo ku America chaka ndi chaka, amawakweza pa njinga yosayenda kuti apalase masekondi 30 ndi mphamvu zawo zonse, muyeso wotchedwa Wingate. Oyeza amawakuwira m'khutu kuti asafooke, ndipo pambali pamakhala chidebe chifukwa ena amasanza akangotsika.

Kale sizinali choncho. Osewera ambiri a NHL ankagwira ntchito zina m'miyezi yotentha, n'kumayembekezera kuti thupi adzalikonzera ku kampu. Ku Soviet Union, mphunzitsi Anatoli Tarasov anali atazika kale mwambo wophunzitsa pafupifupi chaka chonse, kuphatikizapo zolimbitsa thupi za kunja kwa bwalo. Pa 2 September 1972 matimu a Canada ndi Soviet Union anakumana ku Montreal. Canada inatsogola 2-0 m'mphindi zoyambirira, koma kenako osewera ake anayamba kupuma mwawefuwefu ndipo anagonja 7-3. Inde, Canada inadzapambana mpikisano wonsewo wa masewera 8, womwe unathera ku Moscow, Paul Henderson atagoletsa kutatsala masekondi 34, koma uthenga unali utamveka.

Masiku ano pafupifupi wosewera aliyense ali ndi womuphunzitsa payekha. Gary Roberts, wosewera wa mu NHL, anasiya kusewera mu 1996 chifukwa cha vuto la khosi, anadzikonza yekha ndi zolimbitsa thupi komanso kadyedwe, n'kubwereranso mu 1997 ndipo anasewera mpaka 2009. Atapuma anayamba kuphunzitsa ena. Steven Stamkos anagoletsa zigoli 23 sizoni yake yoyamba, anakakhala ndi Roberts mu 2009, ndipo sizoni yotsatira anagoletsa 51. Anthu amakonda kutchula manambala amenewa ngati umboni wa jimu. Ine ndimaona kuti tisamalize nawo nkhani, chifukwa mnyamata wa zaka 19 amakhala akukhwimabe ndiponso akuzolowera ligi. Koma kuti thupi lolimba linamuthandiza, ndilibe nazo chikayiko.

Luso nalo limakonzedwa nthawi yomweyi, popeza m'kati mwa sizoni palibe mpata wosintha kaponyedwe ka mwendo. Barb Underhill, yemwe anakhala katswiri wa dziko lonse pa kutsetsereka mwaluso kwa anthu awiriawiri pa madzi oundana mu 1984, ankaphunzitsa osewera a timu ya Toronto Maple Leafs kayendetsedwe ka mapazi. Osewera ena amasonkhana ku Edina, ku Minnesota, n'kumasewera mu ligi ya nthawi ya tchuthi yotchedwa Da Beauty League, anayi mbali iyi anayi mbali iyo.

Chimodzi chimene chimandimvetsa chisoni ndi ana amene akuwasewereza hockey chaka chonse osapumira, potengera akuluakulu. Wayne Gretzky weniweniyo, katswiri wotchuka kwambiri wa hockey, ali mwana ankasiya hockey nyengo yotentha n'kumasewera baseball ndi lacrosse. Chiuno cha mwana amene akukula sichiyenera kubwereza kayendedwe kamodzimodzi miyezi 12.

Pa ntchito imene ndikukapereka, ndalemba ndondomeko ya masabata 12 ya wosewera wa kumbuyo. Awiri oyamba ndi opola ndi kumasula chiuno, anayi otsatira ndi omanga mphamvu, kenako zitsulo zikupepuka pomwe liwiro likukwera. Pobwerera pa madzi oundana ndatsatira zimene Carolyn Emery ndi Willem Meeuwisse a ku Calgary anapeza mu 2001: osewera amene anachita maphunziro okhudza hockey yeniyeniyo osafika ka 18 pa tchuthi chonse, chiopsezo chawo chovulala mphechepeche chinaposa katatu cha anzawo. Ndiye ndamubwezera m'bwalo kuyambira sabata ya 6, kawiri pa sabata, n'kumawonjezera mpaka kanayi mu August, ndipo masiku asanu omaliza asanapite ku kampu ndamuchepetsera zonse.