Zolemba za kujambula mbalame: chimbuuzi chili ndi mitundu yake

Nyengo ino ndaika mtima pa chinthu chimodzi: kuzindikira chimene chaononga chithunzi chilichonse chotuluka cha chimbuuzi. Ambiri chithunzi chikapanda kuoneka bwino amathamangira kunyoza lenzi n'kuyamba kusirira yodula. Komatu chimbuuzi chili ndi mitundu, ndipo mtundu uliwonse umasiya zizindikiro zakezake. Mukakuza chithunzicho pakompyuta kufika pa 100%, chimaulula chokha pamene panalakwika.

Vuto lofala kwambiri ndi loti mbalame inasuntha shata, kachitseko ka m'kamera kolowetsa kuwala, ili chitsegukire. Mudzaona nthambi ndi zikhadabo zili bwinobwino, koma mutu kapena mapiko zapakika. Mbalame yaikulu imene yangotera, monga kakowa, shata yotseguka 1/500 ya sekondi imaikwanira. Timbalame ting'onoting'ono sitikhazikika, mutu umangoti uku ndi uku, ndiye musatsike pansi pa 1/1000 ngakhale taima panthambi. Youluka yaikulu, monga nkhwazi kapena tsekwe, imafuna 1/1600 mpaka 1/2000. Namzeze ndi anzake aliwiro amafuna 1/3200 kapena kuposerapo. Chimene chimalepheretsa anthu kufika pa manambalawa ndi kuopa kukweza ISO, nambala imene imawalitsa chithunzi kuwala kukachepa koma ikakwera imabweretsa timadontho pachithunzi. Ine ndimati ISO ikwere ndithu. Timadontho ta ISO 3200 kapena 6400 timachepetseka pokonza chithunzi pakompyuta, pamene phiko lopakika palibe pulogalamu imene ingalibweze. Njira yosavuta ndi kuika kamera pa M (Manual), kusankha nokha shata ndi kabowo ka lenzi kolowera kuwala, n'kusiya ISO pa Auto mutaiikira malire.

Ngati chapakika ndi chilichonse, mbalame, nthambi ndi masamba omwe, ndipo zonse zakokekera mbali imodzi, ndiye kuti inagwedezeka ndi kamera. Lamulo lakale limati shata isachedwe kuposa 1 kugawa ndi kutalika kwa lenzi, kutanthauza nambala ya mm yolembedwa pa lenziyo. Sensa ndi kachipangizo ka m'kamera kolandira chithunzi; pakamera ya sensa yaing'ono ya APS-C muyambe mwachulukitsa nambalayo ndi 1.5, kapena 1.6 ikakhala ya Canon, motero lenzi ya 400mm imafuna cha m'ma 1/640. Kagwiridwe nako n'kofunika: dzanja lamanzere lichirikize lenzi kunsi, chakutsogolo, zigongono zitsamire m'nthiti, kamera igunde pachipumi. Batani mulidinize mofatsa, osalijompha. Chochepetsa kugwedezeka, chimene Nikon amati VR, Canon IS, Sony OSS, chimathandiza manja anu okha. Mbalame ikatembenuza mutu chilibe chochita. Mukamajambula nyama muli m'galimoto, zimitsani injini, chifukwa kunjenjemera kwake kumadutsa m'chitseko n'kufika pa lenzi. Pazenera ikani kathumba kodzaza mchenga kuti lenzi igonepo.

Pa fokasi, kutanthauza kulunjikitsa lenzi pamalo amene mukufuna aoneke ngwee, m'pamene ndakhalitsa, chifukwa apa m'pamene pamatayikira zithunzi zimene zikanakhala zabwino koposa. Chizindikiro chake n'chakuti penapake m'chithunzimo pali ngwee, kungoti si padiso: mwina kamtengo kakutsogolo, nsonga ya phiko, kapena mchira. Malo amene amaoneka bwino ndi lenzi yaitali ndi ochepa modabwitsa. Lenzi ya 500mm kabowo kake kali pa f/5.6, pakamera ya sensa yaikulu, mbalame ili pa mamita 10, imakupatsani masentimita pafupifupi 13 okha. Mukayandikira kufika pa mamita 5, amatsala osakwana 4. Ndiye kadontho ka fokasi, kachizindikiro kosonyeza pamene kamera yalunjika, kakagwera paphewa, diso latuluka kale. Mbalame ikakhala pafupi chotere chepetsani kabowo kufika pa f/8 (nambalayi ikakula, kabowo kamachepa ndipo malo ooneka bwino amakula), makamaka ngati yakuyang'anani, kuti mlomo ndi maso zonse zilowe.

Kamera ikhale pa fokasi yotsatira chinthu choyenda, AF-C kapena AI Servo, nthawi zonse, ngakhale mbalame ili phee. Mbalame ili m'ziyangoyango za nthambi, gwiritsani kadontho kamodzi kakang'ono, chifukwa gulu la timadontho limagwira chilichonse chimene chili pafupi kwambiri ndi inu. Ili mumlengalenga mopanda chotchinga, gululo ndiye labwino, popeza n'kovuta kusunga kadontho kamodzi pamutu wa chinthu chouluka. Makamera atsopano amatha kupeza okha diso la mbalame, ndipo amachita bwino, koma akasokonezeka ndi udzu muyenera kukhala ndi batani lina lokubwezerani ku kadontho kamodzi msanga. Kusamutsira fokasi pa batani lakumbuyo la AF-ON kumathandizanso: chala chachikulu chikadiniza, kamera imatsatira; mukachichotsa, fokasi imaima pomwepo, ndipo tsamba likapita kutsogolo silikusokonezani. Malenzi ambiri aatali ali ndi kaswitchi kochepetsa mtunda umene fokasi imafufuza. Mukadziwa kuti mbalame zili patali, katsekereni kutaliko, lenzi ileke kuyendayenda mpaka pafupi isanagwire.

Mtundu wina ndi umene umakhumudwitsa kwambiri, poti zonse munachita bwino. Palibe malo ngakhale amodzi ooneka ngwee, ndipo m'mphepete mwa zinthu mwapindikapindika ngati mukuyang'ana mwala pansi pa madzi oyenda. Umenewo ndi mpweya wotentha umene ukukwera kuchoka pamchenga, pathanthwe kapena pamsewu dzuwa likakwera. Lenzi ikatalika, mtunda nawo n'kutalika, vutoli limakula, ndipo palibe batani lolithetsa. Jambulani m'maola awiri kapena atatu oyambirira dzuwa likatuluka, nthaka isanatenthe, apo ayi fupikitsani mtunda.

Kufupikitsa mtundako kuli ndi luso lake. Osalunjika mbalame poyenda, komanso osaiyang'anitsitsa; yendani chammbali, pang'onopang'ono, mukuimaima. Ikasiya kudya n'kuimika khosi, imani pomwepo mpaka iyambirenso. Nthawi zambiri kukhala pansi pafupi ndi pamene zimamwera madzi kapena pamtengo wa zipatso n'kudikira kumaposa kuzilondola. Mukakhala pansi mumapindulanso kwina: kamera imafanana msinkhu ndi diso la mbalame, zakumbuyo zimatalikira n'kusungunuka, mbalameyo n'kuonekera payokha. Kumbukiraninso kuti mbalame zimanyamuka ndi kutera moyang'ana kumene mphepo ikuchokera. Mphepo ndi dzuwa zikakhala kumsana kwanu, idzaulukira kwa inu nkhope itawala. Pachisa pokha ndiye musayandikire. Kholo likathawa, mazira amazizira kapena kupsa ndi dzuwa, ndipo adani amaona pamene pali chisacho. Chithunzi chotero sichiyenera kujambulidwa.

Palinso kuonongeka kwina kumene kumafanana ndi chimbuuzi koma gwero lake ndi kuwala. Mbalame ikakhala kutsogolo kwa thambo loyera, kamera imayesa kuti kwawala kwambiri n'kudetsa chithunzi chonse, mbalame n'kutuluka bii. Mukadzaiwalitsa pakompyuta, timadontho timachuluka n'kudya timizere ta nthenga. Onjezani kuwala ndi +1 mpaka +2 pa chosinthira kuwala cha +/− musanajambule. Kakowa woyera amene kumbuyo kwake kuli mdima amafuna zosiyana: chepetsani ndi −1 kapena kuposa pang'ono, apo ayi nthenga zimangoti mbee popanda mzere, ndipo zikapserera choncho sizibwerera. Yatsani chenjezo lothwanima losonyeza malo opserera, ndipo jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene sensa yalandira, kuti mukhale ndi mpata wokonza.

Chotsatira chimene ndikuyesa ndi shata yamagetsi, imene imajambula ndi sensa yokha popanda kachitseko koyenda. Ubwino wake ngwoti silira, motero nyama sizidzidzimuka, komanso imajambula zithunzi zambiri pa sekondi. Vuto ndi loti sensa zambiri zimawerenga chithunzi mzere ndi mzere kuchoka pamwamba kutsika pansi, ndiye phiko lothamanga limatuluka lopindika ngakhale shata ili pa 1/4000. Kuti mudziwe ngati kamera yanu ili ndi vutoli, jambulani fani ikuzungulira, kamodzi ndi shata yamagetsi, kamodzi ndi shata wamba, pa liwiro lofanana. Mapeni a faniyo akapindika pachithunzi choyambacho, shata yamagetsi muisungire mbalame zotera ndi nyama zoima, zouluka muzijambula ndi shata wamba.