Ulendo wa ku Dedza: tinakaona makina amene ena amati anafa kale

Tinanyamuka pa Ntcheu boma Loweruka cha m'ma 6 koloko m'mawa, tilipo 11 a m'gulu lathu la achinyamata olemba mapulogalamu a kompyuta. Olembetsa analipo 14, koma atatu chisanu cha mu June chinawapanikiza m'bulangete. A wapampando ndiwo andituma kulemba lipotili kuti otsalawo amveko.

Amene tinkawalondola ndi bambo ena achikulire omwe anagwira ntchito zaka zambiri ku Blantyre, kusamala makina a IBM otchedwa AS/400 pakampani ina yobwereketsa ndalama. Atapuma anabwerera kwawo ku Dedza kukalima kachewere. Chinatikoka n'chakuti kampaniyo imawaimbirabe foni kumapeto kwa mwezi zinthu zikathina. Ife timachezera usiku ndi Python ndi JavaScript, zilankhulo zamakono zolembera mapulogalamu, ntchito osaiona, pomwe munthu wa khasu m'manja akuchita kupembedzedwa. Tinati tikaone ndi maso.

Za m'njira sindichulukitsa. Pa Lizulu minibasi inaima nthawi yaitali kondakitala akupanikiza matumba a kabichi pansi pa mipando, ndipo msungichuma wathu anadumpha msewu kukagula tomato, nabwera akudzitama kuti wakagula kunja kwa dziko, poti kutsidyako ndi ku Mozambique. Tinafika phiri la Dedza lidakali m'nkhungu.

Anatilandira pakhonde ndi tiyi ndi mbatata yophika. Tisanamalize n'komwe, anatulutsa katoni yodzaza mapepala aatali olumikizana, amizere yobiriwira ndi timabowo m'mbali. Mmodzi wa ife, pofuna kuyamba nkhani, anafunsa mmene ankagwirira ntchito ndi makina akalekalewo. Iwo anaseka.

"Mwanawe, wakale ndine. Makinawo ndi atsopano kuposa laputopu yakoyo."

Anatifotokozera kuti AS/400 inatuluka mu 1988, dzina lake lakhala likusinthasintha, ndipo kuyambira 2008 imatchedwa IBM i, yoyenda pa makina a Power omwe akupangidwabe mpaka lero. Chakale ndi mapulogalamu a m'katimo, olembedwa m'zilankhulo za kompyuta zotchedwa RPG ndi COBOL. COBOL inayamba mu 1959 ku America, ndipo anaikonza kuti izimveka ngati Chingerezi cha mu ofesi: ADD, MOVE, MULTIPLY. Makina atsopano akabwera, mapulogalamu akale amangowasamutsira momwemo n'kupitiriza ntchito, n'chifukwa chake mabwana saona chowakakamiza kulembetsa ena.

Kenako anatambasula pepala limodzi pamphasa, naloza ndi chala pamzere wolembedwa PIC 9(7)V99. Anafunsa mlongo wathu yemwe ndi mlembi wa gulu kuti akuonapo chiyani. Iye anayang'anitsitsa nati ndi malo osungira nambala, manambala 7 a makwacha ndi awiri a matambala.

"Eya. Ndiye munthu akakongola K12,000,000, iwe n'kuisuntha ndalamayo ndi MOVE kuiika pamenepa, ilembeka zingati?"

Tonse chete. Mlembi anawerenga ndi zala, kenako anagwira pakamwa. Ilembeka K2,000,000. Nambala ya kutsogolo imangodulidwa, makina osadandaula, osalira, lipoti n'kutuluka looneka bwinobwino. Bambowo anati pamene mzerewu unkalembedwa palibe ankalota kuti munthu wamba angakongole ndalama zopitirira K9,999,999.99. Koma kwacha yakhala ikutsika, mu November 2023 mokha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo ndalama zomwe kale zinali za kampani yaikulu lero ndi ngongole ya mwini golosale. Kukulitsa malowo si kusintha mzere umodzi ayi. Uyenera kusakasaka pulogalamu iliyonse, fayilo iliyonse ndi lipoti lililonse lokhudza nambala imeneyo. Anati ndi ntchito yofanana ndi ya Y2K, pomwe chaka chinkalembedwa ndi manambala awiri okha ndipo 2000 ikanaoneka ngati 1900. Iwo Khirisimasi ya 1999 anaidyera mu ofesi.

Apa a wachiwiri kwa wapampando, omwe sachedwa kutentha, anati: "Bambo, bwanji osangogumula zonsezo n'kumanga zatsopano?" Yankho linali nkhani ya banki ya TSB ku Britain, yomwe mu April 2018 inasamutsira makasitomala ake ku makina atsopano, zinthu n'kusokonekera kwa masabata, anthu osatha kufikira ndalama zawo, mpaka mkulu wa bankiyo anatula pansi udindo chaka chomwecho. Anati m'mapulogalamu akale mwabisala malamulo omwe sanalembedwe pena paliponse: chiwongoladzanja chiwerengedwe bwanji munthu akalipira pakati pa mwezi, tambala yotsala ipite kuti, ngongole ya womwalira itsekedwe motani. Wolemba zatsopano akapanda kuwadziwa, adzawamvera kwa kasitomala wolusa pakauntala.

Ine pamenepa ndinagwirizana nawo theka. Zoona, kugumula mwaphuma n'koopsa. Koma nditasanthula mapepala aja, tsamba ndi tsamba, sindinapeze mawu ofotokoza chifukwa chimene mzere wakutiwakuti unalembedwera. Zonse zili m'mutu mwawo. Ndinalimba mtima n'kuwafunsa kuti tsiku limene foni yawo idzangoitana osayankhidwa, kampaniyo idzatani. Ndinkaopa kuti ndalakwa, koma anangogwedeza mutu nati mlanduwo ndi wawo ndi anzawo: ankaona ngati kusunga chinsinsi ndiko kusunga ntchito, mabwana nawo ankaona kuphunzitsa achinyamata ngati kutaya ndalama. Anatikumbutsa kuti mu April 2020, Covid-19 itavuta, bwanamkubwa wa nthawiyo wa chigawo cha New Jersey ku America, Phil Murphy, anachita kupempha poyera anthu odziwa COBOL, chifukwa makina olipira anthu omwe ntchito zawathera analemedwa. Ngati ku America anafika pamenepo, nanga ife?

Masana nkhani inatembenuka, ophunzitsa tinakhala ife. Bambowo amavomereza kuti sikirini yakuda ya zilembo zobiriwira singakope wachinyamata aliyense, ndipo kasitomala wa lero akufuna kubweza ngongole ndi Airtel Money kapena Mpamba ali kumunda. Njira yake, monga tinakambirana, ndi kuboola khomo pakhoma la nyumba yakaleyo: pulogalamu ya COBOL izipitiriza kuwerengera, koma kutsogolo kwake kukhale API, njira yomwe mapulogalamu amalumikizirana, yolankhulana ndi foni. Zomwe zili mu Db2, nkhokwe yosungira zinthu ya makinawa, zikhoza kufunsidwa ndi chilankhulo cha SQL chomwe timachidziwa kale, ndipo RPG ya masiku ano sikakamizanso kuika mawu aliwonse pamalo ake oikika pamzere ngati kale. Mlembi wathu anawaonetsa pa laputopu Git, chida chosungira mbiri ya pulogalamu, mmene imasungira yemwe wasintha mzere, liti, ndi chifukwa chake. Anavala magalasi, nayandikira, nafunsa kawiri ngati imakumbukiradi ngakhale zimene munthu wafufuta. Atamva kuti inde, anati akanakhala nayo kale, mnzawo wina sakanamunamizira mlandu wa malipiro omwe anasokonekera. Magetsi anathima tili pakati, tinapitiriza mpaka batire inatha.

Tagwirizana kuti aliyense aike pa laputopu yake GnuCOBOL, pulogalamu yoyendetsera COBOL, poti ndi yaulere, ndipo amene bandulo ya intaneti ikuwalola atsegule akaunti pa PUB400, makina a IBM i a ku Germany omwe amalola ophunzira kulowamo pa intaneti. Bambowo atibwereka mapepala a pulogalamu yoyeserera yomwe ankaphunzitsira, yopanda dzina la kasitomala aliyense. Ntchito yathu ndi kulemba m'Chichewa, pambali pa ndime iliyonse, zomwe ikuchita ndi chifukwa chake, iwo adzachonga akabwera ku Ntcheu akakumba kachewere. Mapepalawo ali ndi mlembi. Atatu munatsala aja, ndime zanu ndi zomwe zikuwerengera chiwongoladzanja, ndipo ndi zazitali kuposa zonse.