Loweruka: nthochi za adona zomwe si nthochi

Lero ndinadzuka kukadali mdima. Loweruka ndimagwira ganyu ya m'gadeni ku Linden, mu Joni momwemuno, ndipo takisi ya kuno ku Cosmo City ukaichedwera umaima pamzere mpaka dzuwa kukwera. Adona anali atanditumizira uthenga dzulo kuti ndikadulire nthochi za kuseri kwa nyumba, zayamba kukankha mpanda wa aneba.

Zomera zimenezi ndazisamalira zaka zinayi, koma mtima wanga sunavomerepo kuti ndi nthochi. Masamba ake ndi omwewo ndithu, ngakhale mphepo imawang'amba chimodzimodzi. Koma ine ndinakulira ku Thyolo, m'kati mwa nthochi. Yathu ukaitema ndi chikwanje chimangolowa, madzi chuchuchu. Iyi tsinde lake ndi louma gwa, ndinachita kugwiritsa sowo. Masamba amatuluka mbali ziwiri zokha ngati chokupizira. Duwa lake lili ngati bwato lakuda, m'katimo mukutuluka maluwa oyera okhala ndi lilime la buluu, ndiye likudontha timadzi tomata tomwe tinandipaka mkono wonse. M'chikhokhombe china chouma ndinapeza njere zakuda, iliyonse ili ndi kaubweya ka olenji kumutu. Ndinatola zisanu n'kuika m'thumba.

Madzulo kunabwera mwana wa mlongo wanga, yemwe akuphunzira za zomera ku yunivesite ya Wits. Amabwera akalakalaka nsima ya usipa. Ndinamuikira njere zija patebulo.

"Amalume, iyi si nthochi," anatero asanazigwire n'komwe. "Kuno amaitchula Natal wild banana, koma dzina lake ndi Strelitzia nicolai. Banja lake ndi lina."

Ndinasangalala kuti maso a ku Thyolo sanandinamize. Koma mnyamatayu anati maso omwewo ndi amene asokoneza akatswiri kwa zaka zambiri, ndipo nkhani inayambira pamenepo mpaka nsima kuzizira.

Linnaeus, mkulu wa ku Sweden yemwe anayambitsa katchulidwe ka zomera ka masiku ano, anapatsa nthochi dzina loti Musa paradisiaca mu 1753, kenako n'kuwonjezera lina loti Musa sapientum, poganiza kuti yophika ndi yodya yakupsa ndi mitundu iwiri yosiyana. Zonse ziwiri zinali ana osakanikirana a nthochi za m'tchire za ku Asia. Mu 1955, akatswiri awiri, Simmonds ndi Shepherd, anaonetsa kuti nthochi zambiri zomwe timadya zinachokera kwa makolo awiri, Musa acuminata ndi Musa balbisiana, omwe amangowatchula kuti A ndi B. Ankayang'ana zizindikiro 15, monga mtundu wa tsinde ndi kaonekedwe ka duwa, n'kudziwa kuti mwana watengera kuti. Kabuthu wathu uja ndi AAA, kutanthauza kuti magawo onse atatu a chibadwa chake anachokera kwa A. Kholobowa ndi ABB, gawo limodzi kwa A, awiri kwa B. Makolowo ali ndi makromozomu 22, timitolo tosunga chibadwa, ndipo zipatso zawo ndi njere zokhazokha zolimba ngati timiyala. Zathuzi zili ndi 33, nambala yosagawika pawiri, n'chifukwa chake zilibe njere ndipo timangobzala ana ake.

Apa ndinamufunsa kuti, ngati makolo akudziwika, vuto latsala pati?

Anati vuto lili kutchire komweko. Nthochi za m'tchire zilipo mitundu pafupifupi 70, kuyambira ku India mpaka ku zilumba za ku Pacific. Mu 1947 katswiri wina, Cheesman, anazigawa m'magulu anayi, potengera maonekedwe ndi chiwerengero cha makromozomu. Gulu lina linali la zomwe duwa lake limaloza kumwamba, lowala bwino, m'malo mozondoka ngati lathu. Anthu atayamba kuwerenga DNA, momwe mumalembedwa chibadwa, anapeza kuti gulu limenelo silili palokha, lalowerera m'kati mwa abale a acuminata. Mu 2013 Markku Häkkinen wa ku Finland anaphatikiza magulu aja n'kutsala awiri. Duwa loimirira lija linali chovala chabe, magazi ndi amodzi.

Koma DNA nayo siingofika n'kujambula malire ngati wopima munda. Apa ndi pamene ndinatchera khutu kwambiri. Acuminata yokhayo ili ndi nthambi zingapo: banksii ya ku New Guinea, malaccensis ya ku Malaysia, zebrina ya ku Java, burmannica ya cha ku Myanmar. Nyanja ndi mapiri zinazilekanitsa kalekale mpaka zinayamba kusiyana, koma zikakumana zimaberekana ndithu. Ndiye kodi iliyonse ndi mtundu pawokha, kapena ndi mbumba za mtundu umodzi? Makina amakuuza kuti izi zatalikirana mwakuti, koma woti anene kuti malire ndi apa amakhalabe munthu.

Chinandikhudza china n'chakuti mu nthochi, chibadwa cha timagawo tobiriwira ta m'tsamba chimachokera kwa mayi, pomwe cha timagawo topanga mphamvu chimachokera kwa bambo. Choncho akatswiri amatha kulondola kuchikazi padera, kuchimuna padera. Ndinamuuza kuti agogo ake aakazi ankachita zomwezo pamaliro, kufotokoza kuti uyu ndi wa bere lakuti, bambo ake anabwera chikamwini kuchokera kwakuti. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti kusiyana kwake n'kwakuti nthochi zina bambo wake sakupezeka. Chibadwa chonse cha acuminata chinawerengedwa mu 2012, ndipo kafukufuku wa mu 2022 anapeza m'nthochi zomwe timadya zidutswa za makolo osachepera atatu omwe sakufanana ndi nthochi ya m'tchire iliyonse yodziwika. Mwina akadali m'nkhalango ina, mwina anatha.

Wina anganene kuti izi ndi zocheza za anthu ophunzira. Ine sindinganene choncho, chifukwa ndinaona chisaka. Matendawa atafika kwathu, masamba ankatuluka ang'onoang'ono, othinana pamwamba, mkoko osabereka. Timsabwe takuda ndi tomwe tinkawafalitsa, komanso ife tomwe pogawana ana a nthochi. Alangizi anati mankhwala palibe, zulani zonse. Ndimakumbukira amayi ataima m'munda atagwira m'chiuno, ife tikukumba zitsa zomwe zinkatilipirira fizi. Masiku ano nthochi zambiri za m'misika ya kwathu zimachita kuchokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Ineyo kubwera ku Joni kuno, china chinandithamangitsa ndi chimenecho.

Munda wonse unagwa limodzi chifukwa nthochi zonsezo zinali ngati munthu mmodzi, ana a chitsa chimodzi. Za m'tchire zija, zanjerezo, ndi zomwe zimasiyanasiyana, ndipo mphamvu yolimbana ndi matenda imabisala mwa izo. Matenda ena ofotetsa nthochi a m'nthaka, otchedwa TR4, anapezeka ku Nampula mu 2013, m'dziko la Mozambique loyandikana ndi kwathu. Ku Australia, mu 2024, anavomereza nthochi ya Cavendish, ya gulu limodzi ndi Kabuthu wathu, yomwe anaiika kachidutswa ka chibadwa kochokera kwa malaccensis kuti ipirire TR4. Ku Leuven, m'dziko la Belgium, amasunga mbewu za nthochi zoposa 1,500 m'timabotolo. Tsono taganizani: ngati ziwiri zosiyana zalembedwa dzina limodzi, osunga atenga imodzi n'kumati tamaliza, inayo nkhalango yake n'kugwetsedwa. Yotayikayo mwina ndi imene ikanapulumutsa munda wa mayi wina ku Thekerani.

Ndinamufunsanso za nthochi ya m'tchire yomwe imamera m'makwawa a m'mapiri akwathu, ya tsinde lotupa kumunsi ndi njere zikuluzikulu zakuda. Anati imeneyo ndi Ensete ventricosum, msuweni wa nthochi, ya makromozomu 18. Siphukira ana yokha, ikabereka kamodzi imafa. Ku Ethiopia amailima, ndipo anthu mamiliyoni ambiri amadya za m'tsinde ndi m'chitsa chake. Ife tinkangoidutsa popita kokatola nkhuni.

Ananyamuka cha m'ma 7 kuti apeze takisi ya ku tauni. Anapempha njere ziwiri, akuti akaonetse anzake. Nditamuperekeza ndinaimbira amayi. Akuti ana a nthochi omwe anabzala chaka chatha atulutsa masamba abwino, koma amawayendera m'mawa uliwonse, kusuzumira pakati ngati muli nsabwe. Njere zitatu zotsalazo ndachotsa kaubweya kaja n'kuziviika m'kapu, mawa ndizibzala m'chitini pakhonde.