Sabata yomwe tinayeza zinyalala za pamsika wa Dedza

Lolemba m'mawa, chifunga chitaphimba phiri lonse, bwana anandiitanitsa ku ofesi. Anali atangochokera ku msonkhano ku Lilongwe, komwe anamva zoti kunja akupanga mafuta a ndege kuchokera ku zinyalala za m'makomo. "Achimwene, pofika Lachisanu mundiuze ngati zathuzi zingatheke." Ine ntchito yanga ndi yoyang'anira anyamata otola zinyalala komanso kupanga manyowa, koma mawu a bwana sabwezedwa.

Usiku ndinakhalira kuwerenga pa foni. Nkhaniyo si yabodza. Zinyalala amaziumitsa, kuchotsamo zitsulo ndi magalasi, n'kuzitentha kwambiri pa mpweya wochepa mpaka zisanduke gasi. Gasiyo ndiye amamusandutsa mafuta mwa njira ya Fischer-Tropsch, yomwe anatulukira ku Germany m'zaka za m'ma 1920. Kampani ya Fulcrum BioEnergy inamanga fakitale yotere pafupi ndi Reno ku America, koma inatseka mu 2024. Zimenezo ku msonkhano sanawauze bwana.

Lachiwiri ndi Lachitatu tinayala chipepala cha pulasitiki kuseri kwa msika, sikelo titabwereka kwa bambo wina wogula nyemba. Wilibala iliyonse tinkakhuthula n'kusankha ndi manja. Masamba a kabichi, makoko a mbatatesi, tomato wophwanyika, zotafuna za nzimbe, kenako phulusa ndi dothi la osesa. Mabotolo ndiye osawaona n'komwe, ana amakhala atatola kale kukagulitsa kwa amayi a thobwa. Fakitale ija inkakonda zouma ngati makatoni, mapepala ndi nsanza. Zathu ukafinya m'manja madzi amachita kuyenderera, ndipo mu June muno dzuwa la pa Dedza siliumitsa ngakhale sokosi. Moto woumitsira mulu umenewo ungadye phindu lonse mafuta asanatuluke ndi dontho lomwe.

Lachinayi ndinayesa njira ina. Ndege ya Virgin Atlantic yomwe inauluka kuchoka ku London kupita ku New York pa 28 November 2023 popanda mafuta a ndege a masiku onse inagwiritsa ntchito kwambiri mafuta opangidwa kuchokera ku mafuta ophikira otha ntchito. Ndiye ndinazungulira m'ziwaya za tchipisi pafupi ndi depoti.

"Madala, mafuta otha ntchito mumataya kuti?"

Anasiya kutakasa n'kundiyang'ana. "Kutaya? Bwana, mafuta satha ntchito. Amangotha."

Onse asanu ndi mmodzi anandiyankha chimodzimodzi. Akachepa amathirapo ena, akada kwambiri otsala pansiwo amayatsira moto. Kunena zoona, mafuta akuda bii omwe ana asukulu akudyerapo tchipisi anandidetsa nkhawa kuposa za ndege, ndipo ndinazilemba mu lipoti ngakhale sanandifunse.

Lachisanu bwana anawerenga masamba awiriwo mwakachetechete, n'kufunsa ngati palibe poyambira ngakhale pang'ono. Ndinati alipo: migolo iwiri pakhomo lililonse la msika, wina wa zoola wina wa zouma, magolovesi a anyamata, ndi tayala la wilibala lomwe ndakhala ndikupempha kuyambira Epulo. Anati za tayala aona.

Tikutuluka, panja tinapeza mayi wina wa ku Bembeke akundidikira ndi matumba asanu. Ankafuna manyowa a munda wawo wa mbatatesi, ndipo pa mtengo tinakokana mpaka nthawi ya nkhomaliro.