Mwana akamaphunzira piyano kapena vayolini, ntchito yaikulu ili kunyumba

Mwana wophunzira chida choimbira amaonana ndi aphunzitsi ake kamodzi pa sabata, nthawi zambiri kwa mphindi 30 zokha. Masiku 6 otsalawo amakhala ali yekha ndi chidacho, ndipo zimene zimachitika m'masiku amenewo ndi zimene zimachititsa kuti apite patsogolo kapena azingozungulira pamodzimodzi. Makolo ambiri amangoti “pita ukayeserere,” akamva piyano ikulira kwa theka la ola mtima umakhala m'malo. Koma tsiku lina mudzaime pakhomo n'kumvetsera bwinobwino zimene zikulirazo.

Mudzamva mwana akuyamba nyimbo koyambirira, n'kuthamanga bwino pa mizere iwiri yoyamba. Akafika pamene dzanja lamanzere limafunika kulumpha, aphonya, aima, abwereranso koyambirira. Achita zimenezi kasanu n'kutseka buku. Ndiye werengani: gawo limene ankalidziwa kale waliimba kasanu, ndipo malo ovutawo wawaimbanso kasanu molakwika. Zala sizisankha, zimangosunga chimene zabwereza. Zimasunga noti (liwu limodzi la nyimbo) yolakwikayo, zimasunganso ngakhale kuimako, moti pakatha milungu itatu mwana amaima pamalo omwewo ngakhale atawadziwa kale manoti ake.

Mankhwala ake ndi pensulo ndi kudekha. Zungulizani malo ovutawo ndi pensulo. Asakhale aakulu: timagawo tiwiri ta pakati pa mizere yoimirira ya m'buku la nyimbo n'tokwanira, kuphatikizapo noti yoyamba ya kagawo kotsatira. Noti yowonjezerayo ndi yofunika chifukwa nthawi zambiri pamene mwana amagwa m'polumikizira, osati pakati. Ayambe ndi dzanja limodzi, kenako linalo, pang'onopang'ono moti inu womvetsera musathe kuizindikira nyimboyo. Ngati akulakwitsabe, ndiye kuti akuthamangabe. Manja onse awiri aphatikizidwe pokhapokha lililonse likamayenda lokha mosadodoma.

Ikani mabatani atatu kumanzere kwa piyano. Akaimba molondola, batani limodzi lipite kumanja. Akalakwitsa, onse amene anawoloka abwerere. Atatu onse akawoloka, ntchito ya pamenepo yatha kwa tsikulo. Kwa mwana wa zaka 5 kapena 6 lamulo lobweza mabatani limatha kumuliritsa, choncho kwa iyeyo batani lowoloka lisabwerenso, lizingodikira anzake. Chofunika n'chakuti aone ndi maso ake kuti ntchitoyo ili ndi mathero, chifukwa mwana amene sakudziwa kuti amaliza liti amayamba kunyinyirika asanakhale n'komwe pampando.

Onetsetsaninso timanambala ta pamwamba pa manoti. Pa piyano chala chachikulu ndi 1, chamkombaphala ndi 2, mpaka chaching'ono 5. Ana amakonda kunyalanyaza timanambalato bola noti yamveka. Lero agwiritsa chala 3, mawa 4, mkuja 2, ndiye dzanja limaphunzira njira zitatu zosiyana popanda ina yokhazikika. Nyimbo ikamayenda pang'onopang'ono sizioneka, koma liwiro likangokwera zala zimatha asanamalize mzere. Aphunzitsi akasintha nambala, ilembedwe m'bukumo tsiku lomwelo.

Njira ina imene imathandiza kwambiri ndi kuyamba nyimbo kumapeto. Mwana aphunzire mzere womaliza, kenako wa pamwamba pake n'kuulumikiza, kumangobwerera m'mbuyo choncho. Akamaimba nyimbo yonse amakhala akulowera kumene akukudziwa bwino, m'malo molowera kumene kukumuopsa.

Pa nkhani ya nthawi, mwana wa zaka 5 kapena 6 mphindi 10 zimamukwanira, wa zaka 7 kapena 8 mphindi 15 mpaka 20. Mphindi 10 tsiku lililonse zimaposa ola lathunthu Loweruka lokha, chifukwa luso la manja limakhazikika mwana akagona n'kudzabwerezanso mawa lake. Tsiku lofunika koposa ndi lomwe wapita kwa aphunzitsi. Madzulo ake, ngakhale kwa mphindi 5, abwereze zimene wauzidwa zidakali m'mutu. Akadikira masiku atatu, theka amakhala waiwala ndipo theka linalo amalikumbukira mokhota. Nthawi yoyesererayi ilumikizidwe ndi chinthu chimene chimachitika tsiku lililonse, monga akangovula yunifolomu, kuti pasamakhale kukambirana za nthawi tsiku ndi tsiku. Chidacho chikhale poonekera. Vayolini imene ili m'bokosi pamwamba pa kabati imafuna munthu wamkulu kuti aitsitse, ndipo zimenezi zokha zimadyetsa masiku.

Mphindi 15 zingagawidwe motere: 2 za sikelo imodzi (kuimba manoti motsatizana, kukwera ndi kutsika), 7 za malo ozungulizidwa aja, 2 zowerenga kanyimbo kosavuta kamene sanakaonepo, ndipo zotsalazo aimbe nyimbo yakale imene amaikonda. Gawo lomalizali musalichotse kuti mupeze nthawi ya zina. Mwana afunika kuchoka pa chida atamva chinthu chokoma chotuluka m'manja mwake.

Metronome, kachipangizo kogunda mofananafanana kothandiza kusunga liwiro la nyimbo, ndi yothandiza koma si ya tsiku loyamba. Ikaikidwa pa 60 imagunda kamodzi pa sekondi. Mwana ayambe waomba m'manja motsatira kugundako asanakhudze chida. Kenako apeze liwiro limene amaimbira kagawoko mosalakwitsa, n'kumakweza ndi 4 basi. Akayamba kupunthwa, atsitse liwirolo ndi 4 kawiri. Kumuyatsira metronome manoti asanawadziwe kumangomupanikiza, ndipo amaphunzira kusaimvera.

Mwana wosakwana zaka 8 sangathe kudzikonzera yekha zonsezi. Pafunika munthu wamkulu pambali pake, ngakhale wosadziwa nyimbo. Shinichi Suzuki, mphunzitsi wa vayolini wa ku Japan amene anakhala ndi moyo kuyambira 1898 mpaka 1998, anamanga njira yake yonse pa mfundo imeneyi: kholo limakhala nawo pa phunziro, limalemba zimene zanenedwa, ndipo kunyumba limathandiza mwana kubwereza. Ngakhale mwana wanu sakuphunzira mwa njira ya Suzuki, mfundoyo tengani. Koma ntchito yanu si kukhala mphunzitsi wachiwiri. Kunena kuti “walakwitsanso” pa noti iliyonse kumachititsa mwana kuumitsa mapewa n'kumayang'ana nkhope yanu m'malo momvetsera. Funsani kuti, “Aphunzitsi anati pamenepa uzitani?” kapena “Iweyo wamva bwanji, zinali zofanana ndi poyamba paja?” Khutu lake ndi limene tikufuna likule. Poyamikira, tchulani chimene mwaona: “Chala chachinayi chija lero sunachiiwale.” Ndipo kuyeserera kusakhale chilango cha mlandu wina. Mwana amene amatumizidwa ku piyano chifukwa wamenya mng'ono wake sangaikonde piyanoyo.

Kakhalidwe ka thupi kayang'aniridwe kuyambira mwezi woyamba, pajatu kuwongola mtengo m'poyamba. Pa piyano, mkono kuchokera pa chigongono mpaka kudzanja ukhale molingana ndi makiyi. Mpando ukatsika, mwana amakweza mapewa kapena kugwetsa dzanja. Ukakwezedwa, miyendo imalendewera, ndiye amatsamira manja pa makiyi kuti asagwe. Choncho pansi pa mapazi pakhale kabenchi kapena mabuku okhuthala. Ngati kunyumba kuli kiyibodi ya makiyi 61 opepuka, ingathandize miyezi yoyamba, koma piyano ili ndi makiyi 88 olemera amene amalira mokweza kapena motsitsa malinga ndi mmene wawakhudzira. Mwana wozolowera makiyi opepuka amakadabwa m'chipinda cha mayeso, zala zikukanika kutulutsa mawu.

Vayolini ili ndi masaizi: 1/16, 1/10, 1/8, 1/4, 1/2, 3/4 ndi yaikulu ya 4/4. Musagule yaikulu poganiza kuti adzakuliramo. Mwana akaiika pansi pa chibwano n'kutambasula dzanja lamanzere, zala zake zizitha kukumbatira mutu wopiringizika wa kunsonga uja chigongono chili chopindikako. Akakhala pakati pa masaizi awiri, tengani yaing'onoyo, chifukwa yaikulu imapweteketsa khosi ndipo zala sizifika pamene noti ili. Nsambo zake zinayi, G, D, A ndi E, zichunidwe tsiku lililonse asanayambe, apo ayi mwana amaika chala pamalo oyenera n'kumva noti yolakwika, kenako amasuntha chalacho. Uta upakidwe utomoni wake pang'ono, ndipo ukatha ntchito uzimasulidwa. Zida zouzira monga lipenga ndi bwino kuzidikiritsa mpaka mano akutsogolo osatha atamera.

Tsopano za mayeso. Mabungwe awiri odziwika kwambiri ndi ABRSM, limene linakhazikitsidwa ku London mu 1889, ndi Trinity College London. Onse ali ndi magiredi kuyambira 1 mpaka 8, komanso giredi ya oyamba kumene yotchedwa Initial. Pa mayeso a ABRSM oimba pamaso pa woyesa, malikisi onse ndi 150. Nyimbo zitatu zili ndi 30 iliyonse, masikelo 21, kuwerenga nyimbo yachilendo 21, ndipo mayeso a khutu 18. Kukhoza kumayambira pa 100, Merit pa 120, Distinction pa 130. Ku Trinity malikisi ndi 100, kukhoza ndi 60, Merit 75, Distinction 87.

Taonani manambala a ABRSM aja. Malikisi 60 sali pa nyimbo zitatuzo. Mwana amene wapeza 25 pa nyimbo iliyonse ali ndi 75 yokha, sanakhozebe. Komatu m'nyumba zambiri chaka chonse chimathera pa nyimbo zitatuzo, masikelo n'kukumbukiridwa kutatsala milungu iwiri, kuwerenga ayi ndithu. Apa ndi pamene pamaonongeka ana ambiri, ndipo zimandimvetsa chisoni. Mwana amafika Giredi 3 ali ndi masatifiketi atatu, koma pa zaka zitatu waimba nyimbo 9 zokha, zonse zoloweza poonera manja a aphunzitsi. Mukamupatsa nyimbo yosavuta yoti awerenge yekha amangoti kakasi. Nyimbo za Giredi 4 ndi 5 zikatalika, kuloweza koteroko kumakanika, ndipo mwana amati nyimbo zamutopetsa. Chamutopetsa ndi kusatha kuwerenga.

Kuwerenga kumakula ndi mphindi 2 zija za tsiku lililonse, pa nyimbo zosavuta kuposa zimene akuphunzira. Pa mayeso amapatsidwa theka la mphindi kuti ayang'ane kanyimboko asanayambe. Aphunzire kugwiritsa ntchito masekondi 30 amenewo mwadongosolo: aone zizindikiro za kumayambiriro zosonyeza manoti okwezedwa kapena otsitsidwa, aone manambala a kagundidwe, aike manja pamalo, ayese pamene pakuoneka povuta. Akayamba asaime. Lamuloli ndi losemphana ndi la poyeserera, ndipo mwana auzidwe momveka kuti ndi ntchito ziwiri zosiyana. Woyesa amamvetsera ngati nyimbo ikuyenda, choncho noti imodzi yolakwika imadya malikisi ochepa kuposa kuima n'kubwerera.

Mayeso a khutu a Giredi 1 ndi masewera amene mungachite kunyumba. Mwana amaomba m'manja motsatira nyimbo n'kunena ngati ikugunda pawiripawiri kapena patatupatatu. Amabwereza ndi pakamwa tizigawo titatu timene woyesa waimba pa piyano. Amanena ngati noti yasintha chakumayambiriro kapena chakumapeto, ndipo amayankha ngati nyimbo inali yokweza kapena yotsitsa, yolumikizana kapena yodukizaduka. Amene amavutika kwambiri ndi ana amanyazi oti sanaimbepo ndi pakamwa pamaso pa munthu. Woyesa sayesa kukoma kwa mawu, amangofuna noti yolondola.

Mwana alembetsedwe mayeso pamene nyimbo zitatuzo akuziimba kale mpaka kumapeto, ngakhale pang'onopang'ono. Kulembetsa kaye kuti tsikulo limukankhe kumabweretsa misozi m'nyumba kwa miyezi iwiri. Mwezi womaliza kayeseredwe kasinthe. Kamodzi pa tsiku aimbe nyimbo yonse osaima zivute zitani, kenako abwerere ku malo amene apunthwa. Mujambuleni pa foni, chifukwa kamera yokha imabweretsa kamantha kofanana ndi ka mayeso. Aimbire achibale, ayesenso piyano ina yosakhala yakunyumba. Chitani masewera a tsikulo: agogode, alowe, apereke moni, akonze mpando, adikire kuuzidwa. Mumuuziretu kuti woyesa azidzalemba nthawi yonse ndipo sadzanena zotsatira pompo, chifukwa ana ena akaona cholembera chikuyenda amaganiza kuti alakwitsa. Mayeso a Giredi 1 a piyano amatenga pafupifupi mphindi 12.

Palibe lamulo loti mwana alembe giredi iliyonse, angathe kudumpha ina. Chimene ABRSM imafuna ndi chakuti asanalowe Giredi 6 ya mayeso amenewa akhale atakhoza Giredi 5 ya Music Theory (mayeso olemba a malamulo a nyimbo) kapena mayeso ena ovomerezeka m'malo mwake, choncho zolembalemba ziyambike msanga, pang'onopang'ono. Kuyambira 2020 kulinso Performance Grades, pomwe mwana amaimba nyimbo zinayi motsatizana pa vidiyo imodzi yosadula, popanda masikelo, kuwerenga kapena mayeso a khutu. Amathandiza mwana amene amaopa kwambiri chipinda cha mayeso, koma zitatu zosayesedwazo ziziphunzitsidwabe.

Zotsatira zikabwera, werengani ndemanga za woyesa pamodzi ndi aphunzitsi musanayang'ane kwambiri nambala, chifukwa m'menemo ndi mmene muli ntchito ya miyezi yotsatira. Buku la giredi yotsatira lidikire kaye miyezi iwiri kapena itatu. Pa nthawiyi mwana aimbe nyimbo zambiri zazifupi, imodzi kapena ziwiri pa sabata, zina azisankha yekha, zina aziimba awiri ndi aphunzitsi kapena mnzake.