Sabata ya mvula yoyamba pa desiki ya madandaulo

Ndimagwira ntchito pa desiki yolandira madandaulo kukhonsolo kuno ku Lilongwe, ndipo sabata ino ndi imene kwagwa mvula yoyamba, ndiye foni sinapume ayi. Mvula ikangogwa tsiku limodzi zonse zomwe zinabisala chilimwe chonse zimatulukira poyera, ngalande zotsekeka, masikipi (mabini akuluakulu otayamo zinyalala aja) osefukira, misewu ya fumbi yomwe yasanduka matope mpaka akabaza akukana kulowako.

Lolemba ntchito yambiri inali yosankhula chabe, chifukwa anthu ochuluka amabwera ndi nkhani zomwe si zakhonsolo. Paipi ikaphulika ndi za Water Board, waya wa magetsi akagwa ndi za ESCOM, msewu waukulu ngati M1 ndi wa Roads Authority, ndipo nkhani za malo ndiye zosokoneza zedi chifukwa mumzinda muno malo ena ndi a Lands, ena ndi a Malawi Housing, ena makamaka a m'makomboni akale aja ndi amene ali m'manja mwa khonsolo. Koma tangoganizani munthu wasiya geni yake, wakwera minibasi kuchokera ku Chinsapo, watsika mu tauni wakweranso ina, inu nkungomuuza kuti “si kuno” osadzutsa ndi mutu womwe. Zimenezo ine zimandipweteka. Ndimatenga kapepala nkumulembera ofesi yoyenera, komwe ili, ndi mapepala oti atenge kuti asakabwezedwenso kumeneko.

Lachiwiri kunabwera mayi wina wogulitsa tomato ndi mpiru pamsika wina wa ku Area 25. Sanakhale pansi poyamba, anangomasula jumbo nkukhuthulira pa desiki yanga timatikiti ta mumsika tomwe wakhala akudula tsiku ndi tsiku, tomangidwa ndi labala, tina tonyowa tina tofufutika kale.

“Achimwene, tawerengani nokha. Palibe tsiku lomwe ndinathawa wodula tikiti. Nanga sikipi ija ikununkha pafupi ndi benchi yanga muchotsa liti? Makasitomala akumangodutsa atatseka mphuno.”

Ndinawauza kuti mayi pepani khalani kaye pansi, ndilembe bwinobwino. Ndinalemba dzina, foni, msika wake, mbali yomwe kuli sikipiyo, ndi tsiku lomwe galimoto inabwera komaliza, kenako ndinawapatsa nambala ya dandaulo lawo kuti akadzabweranso ngakhale ine kulibe asadzayambirenso kufotokoza. Nditapita kwa anzathu a zaukhondo anandionetsa ndandanda wawo, galimoto zonyamula masikipi zomwe zikuyenda ndi zochepa, ina ili ku galaja ikudikira sipeya, dizilo nayenso amabwera moyeza, ndiye amayamba ndi misika ikuluikulu ngati wa Tsoka kuja ena nkumadikira. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 989,000 mumzinda muno ndipo chiyambire pamenepo anthu angochulukirachulukira, pomwe mtunda wokataya zinyalala ku Area 38 sunafupike. Zonsezi ndi zoona, koma mayi uja analipira, ndipo amene anaona kolera wa 2022 ndi 2023 sangauze munthu wogulitsa ndiwo kuti adekhe mtima pafupi ndi mulu wa zinyalala wonyowa. Ndinapempha kuti msikawo auike patsogolo ndipo bwana wawo anavomera kuti pofika Lachinayi apitako.

Lachitatu ndinatuluka ndi ainjiniya kupita ku Kawale komwe madzi analowa m'nyumba za anthu usiku wa Lamlungu. Tinapeza matilesi atayanikidwa pa mpanda, makope a ana asukulu atayalidwa pa lata kuti aume, gogo wina akukokolola matope pakhomo ndi fosholo yothyoka mpini. A block leader anatitengera pa kalavati pomwe panatsekeka, anyamata atalowetsa khasu zomwe zimatuluka ndi mabotolo apulasitiki, matewera a ana, ndi majumbo opyapyala omwe aja analetsedwa kuyambira 2015 koma mpaka lero ali mbwee pamsika uliwonse. Titatsika pang'ono tinapeza kuti munthu wina anamanga mpanda wa njerwa pamwamba penipeni pa ngalande, madzi akafika pamenepo alibe kolowera koma kwa aneba.

Apa mpomwe ntchito yathu imavutira. Anthu akuloza khonsolo kuti simunakonze ngalande mvula isanayambe, ndipo sakunama. Ife tikuloza zinyalala zomwe anataya okha, koma ukawafunsa amati nanga tikataye kuti poti sikipi kulibe kuno, ndipo apanso sakunama. Mwini mpanda nayenso akuti anagula malowo ali choncho. Ine sindinapite kukaweruza mlandu, ndinawauza mosabisa zomwe zingatheke msanga ndi zomwe zitenge nthawi. Kutsegula kalavati ndi za sabata yomweyi. Mpanda uja sitingangofika ndi kugumula, pamafunika a mapulani aone mapepala ake, apereke notisi, mwini wake ayankhe. Bambo wina anakwiya nkunena kuti ndiye kuti mwadya naye, koma a block leader anamukhazika mtima pansi, ndipo tinagwirizana kuti akhansala a wodi imeneyo aitanitse msonkhano Loweruka.

Lachinayi linadutsa ndi zing'onozing'ono, bilu ya ma city rates yomwe yabwera pa dzina la malemu, bala yoimba nyimbo mpaka mbandakucha pafupi ndi nyumba za anthu, agalu osowa mwini ku Area 36. Madzulo anzathu a zaukhondo ananditumizira chithunzi pa WhatsApp, sikipi ya kumsika kuja itakwezedwa pa galimoto.

Lachisanu ndimalisungira kuimbira anthu, ndipo pa ntchito yonseyi gawo limeneli ndi lomwe ndimalimbana nalo kwambiri kuti lisafe, ngakhale mayunitsi ake nthawi zina amachoka m'thumba mwanga. Anthu ambiri omwe amafika pa desiki atalusa si chifukwa choti zinthu zachedwa chabe, koma kuti anadandaula kalekale ndipo palibe anawayankha, sakudziwa ngati kalata yawo inawerengedwa nkomwe. Ndiye ndimaimbira aliyense, amene zake zatheka ndi amene zake sizinatheke. Amene sanakhutire ndimamuuza poyera kuti ali ndi ufulu wolembera mkulu wa khonsolo, wodzera kwa khansala wake, kapena wokadandaula kwa Ombudsman komwe salipiritsa, komanso kuti lamulo la Access to Information lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020 limamulola kufunsa momwe nkhani yake ikuyendera. Anzanga ena amati ukutiitanira mavuto, koma ndalama zomwe timalandira pakutha pa mwezi ndi za anthu omwewa.

Mayi wa tomato anayankha foni ali pakati pa phokoso la msika, anati zikomo achimwene achotsadi, koma pansi pomwe panali sikipi asiya zinyalala zambiri zomwe zinatayikira. Ndalemba dandaulo lina, ndapereka kwa a zaukhondo kuti atumize osesa Lolemba m'mawa. Kalavati ya ku Kawale yatsegulidwa, fayilo ya mpanda ili kwa a mapulani, ndipo mawa ndikhala nawo pa msonkhano wa akhansala uja.