Corolla yobangula inakanika pa chitunda cha ku Nkhata Bay

Corolla yanga ndi NZE121, injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5, magiya osintha ndi dzanja. Inalowa pa Songwe ili yofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunandinyansa. Owotcherera anadula paipi ya ekizozi ya mamilimita pafupifupi 45 n'kuikapo ya mainchesi atatu. Bokosi la fyuluta ya mpweya ndinalichotsa, m'malo mwake ndinamanga fyuluta yosongoka, yopaka mafuta ija. Matayala a 175/70R14 anachoka, panabwera a 215/50R17. Ndikamadutsa pa Katoto mu Mzuzu, agalu ankathawira kuseri kwa nyumba.

Loweruka lina mayi a kunyumba anandituma kukatenga amayi awo ku Nkhata Bay. Popita n'kotsetsereka, ndiye ndinkadziona ngati katswiri. Pobwera tinanyamula matumba awiri a ufa wa kondowole, mikoko ya nthochi ndi ndowa ya usipa. Pa chitunda china lole inaima kutsogolo kwathu, nanenso ndinaima. Lole ija itanyamuka ndinaika giya wani, kumasula handibuleki, injini phethe! kuzima. Ndinalizanso, kuponda mafuta kwambiri, phokoso mpaka anyani kubalalika m'nkhalango, koma galimoto inkangokwawa, kilatchi ikununkha.

"Apongozi, chikupsachi n'chiyani? Usipa wangatu ndi wouma kale," anatero ali kumbuyo.

Ndisanayankhe anatsika, ndowa pamutu. Ndinakawapeza pamwamba atakhala pa mwala, akudya nthochi. Titalowa m'tauni, wa Sacramento, njinga ya kabaza, wonyamula mayi ndi mwana anatipitirira ponyamuka pa raundabauti, n'kutiimbira belu.

Lolemba ndinapita kwa makaniko wina ku Luwinga. Mnyamata wake anathamangira kunena kuti injini ikusowa "back pressure", kutanthauza kupanikizika kwa utsi m'paipi, ndiye tingotsekako paipi pang'ono. Abwana ake anamutuma kukagula mandasi.

"Achimwene, injini sifuna kutsamwitsidwa, imafuna utsi uzithamanga," anandiuza. Utsi umatuluka modukizadukiza, ndipo ukamathamanga umasiya chikoka kumbuyo kwake chomwe chimathandiza kukokera utsi wotsalira kunja kwa silinda. Paipi ya mainchesi atatu ija, mamilimita 76, ili ndi malo pafupifupi katatu kuposa ya 45, choncho injini ikamazungulira pansi pa maulendo 2,500 pa mphindi (rpm) utsi wochepawo umangoyenda mwaulesi n'kuzizira. Injini iyi mphamvu yake yokoka imafika pachimake cha m'ma 4,200 rpm, ndiye m'munsimu mulibe zoti n'kutayako.

Atalumikiza kamakina kowerengera kompyuta ya galimoto, panatuluka P0171, kutanthauza kuti mpweya ukuchuluka kuposa petulo. Apa panali zifukwa ziwiri. Sensa ya MAF, yomwe imayeza mpweya wolowa, inaikidwa m'paipi yaikulu kuposa yomwe inapangidwira, ndiye inkawerenga mpweya wochepa, komanso kawaya kake kanali katamatidwa mafuta a fyuluta ija ndi fumbi. Chachiwiri, gasiketi ya pomwe manifodi imakumana ndi ekizozi inkapumira, mpweya wakunja n'kumanamiza sensa ya okosijeni. Kuonjezera apo, fyuluta yosongokayo inkayamwa mpweya wotentha wa m'boneti, pomwe mpweya ukatentha ndi madigiri 10 umapepuka ndi pafupifupi 3 peresenti.

Za matayala anachita kuyeza ndi tepi. A 175/70R14 amatalika mamilimita pafupifupi 601, a 215/50R17 pafupifupi 647. Kusiyana kopitirira 7 peresenti kumeneku kumatalikitsa giya iliyonse, ndipo mphamvu yofika pamsewu imatsika ndi mlingo womwewo, osawerengera kulemera kwa malimu. Ndiyeno Mzuzu ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 pomwe nyanja ili cha m'ma 470, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse. Tsiku lija, pomwe ndinkakwera, mphamvu n'kuti ikutsika.

Tinayamba ndi zotchipa. Bokosi la fyuluta ndinakalipeza kunyumba thazi likuikiramo mazira. Tinalitsuka, kulibwezera ndi fyuluta yatsopano ya pepala. Sensa ya MAF imamasulidwa ndi tizomangira tiwiri. Imapoperedwa mankhwala ake otsukira MAF, osati a kabuleta, kawayako osakakhudza ngakhale ndi thonje, ndipo iume isanabwezedwe. Tinaika gasiketi yatsopano ndi mabawuti ake a masipuling'i, kenako tinamasula waya wa negetivi pa batire kwa mphindi zingapo kuti kompyuta iiwale mabodza onse inaphunzira. Apa pokha galimoto inasiya kuzima ponyamuka.

Paipi tinaika ya mainchesi awiri, mamilimita 51, ndi sailensa yeniyeni. Popinda paipi osaiphwanya, chifukwa khona lofinyika limabweza zonse m'mbuyo. Matayala ndinagula a 195/50R16, omwe kutalika kwake ndi 601 yemweyo, maonekedwe alipobe ndipo sipidomita inasiya kunama. Kilatchi yokha ndi imene inandidya m'thumba, pakuti mbale yake inali itapsa mpaka kuwala.

Malimu a 17 aja anagula mnyamata wina wa ku Chibavi, mwini Vitz ya lita imodzi. Ataona paipi ya mainchesi atatu itatsamira khoma, maso ake anawala. Ndinamugulitsa, n'kumuikirapo fyuluta yosongoka ya basela.